Alongo anga anamwalira ali odulidwa mumpingo

Ndikulembera makamaka inu amene muli ndi m'bale amene mpingo unamudula, kaya chifukwa cha mitala, kaya mowa, kaya anangoleka yekha kupita kutchalitchi, ndipo pano akudwala kapena mwamuika kale m'manda popanda nyimbo. Funso limene likukusowetsani tulo nane linandisowetsa: kodi munthuyu wapita kuti? Dzina la mpingo wathu sinditchula. Zimenezi zimachitika m'mipingo yambiri kuno ku Kasungu, komanso sindikufuna kuti nkhani ya malemu isanduke yonyozana pa Facebook.

Alongo angawa anali achisamba, ine wachitatu kubadwa. Tinakulira kumudzi cha ku Chamama. Ali mnyamata ankaimba besi mukwaya, ukwati wawo unali wodalitsidwa kutchalitchi, wa mphete. Zinthu zinapotoka fodya atayamba kuwayanja. Chaka china mabelo awo anayenda bwino ku Chinkhoma, ndipo mvula isanagwe tinangomva kuti atenga mkazi wachiwiri pa boma. Akulu a mpingo anawayendera, anawaitana kubwalo, iwo anakana kumusiya mkaziyo poti anali kale woyembekezera. Anawadula. Poyamba ankabwerabe n'kukhala benchi lakumbuyo, kenako manyazi anawakulira, Lamulungu linasanduka tsiku la kachasu. Sanali munthu wouma mtima ayi. Bambo wa ana anga atandithawa, fizi ankalipira ndi iwowo. Koma mowa unawagwira zenizeni.

Matenda anayamba ndi kutupa miyendo, kenako mimba inafufuma, maso n'kuchita chikasu. Kuchipatala anati chiwindi chawonongeka. Alamu aakulu anali atakwiya kalekale, alamu aang'ono anali ndi khanda kumsana, ndiye ugadiyani unagwera ine. Munali mu Juni, ndipo amene anagonapo pansi m'wodi nthawi yozizira akudziwa mmene simenti imalumira. Tsiku lina dokotala wachinyamata ananditengera pambali n'kundiuza mosapita m'mbali kuti chiwindi chikaleka kusefa zoipa za m'magazi, zoipazo zimafika kumutu. Munthu amayamba kugona usana, usiku n'kumalankhula zosagwirizana, mapeto ake sazindikiranso ndi mayi ake omwe. Anati ngati pali zoti tikambirane, tikambirane mutu ukadali bwino. Mnyamata ameneyo ndimamuthokoza mpaka lero.

Usiku wina odwala ena atagona ndinangomva akundiitana motsitsa mawu.

"Nabanda, uli maso?"

"Ndili maso, achimwene."

"Ine ndikufa. Usanditsutse, thupi ndi langa ndikulimva. Tsono iwe umapita kutchalitchi, undiuze chilungamo. Kumene ndikupitako akandilandira?"

Mawu amene amafulumira kubwera pakamwa pa tonsefe ndi aja akuti musalankhule choncho, muchira. Ndinawameza. Wodwala akatsegula yekha nkhani ya imfa, musamutseke pakamwa pofuna kudziteteza nokha ku misozi. Mwina wakhala masiku ambiri akusonkhanitsa mphamvu zoti afunse, ndipo mukamuzemba safunsanso.

Ndinali nditatenga Buku Lopatulika la amayi, lakale lija la Chinyanja cha 1922 chimene ana amasiku ano amachiseka. Ndinayatsa tochi ya foni n'kuwerenga Luka 23, kuyambira vesi 39 mpaka 43, za wochita zoipa amene anapachikidwa pambali pa Yesu. Munthu uja sanalowe kalasi, sanapite kubwalo la akulu, manja ake anali okhomeredwa moti ngakhale akanafuna kubweza zimene anawonongera anthu sakanatha. Anangovomera kuti chilango chake chinali chomuyenera, n'kupempha Yesu kuti akamukumbukire polowa mu ufumu wake. Yankho lake tonse timalidziwa: "Lero lino udzakhala ndine m'Paradaiso."

Alongo anga anapukusa mutu papilo. "Ameneyo sankadziwa. Ine ndinkadziwa. Ndaimba nyimbo zimenezi pamaliro a anthu, ndadya mgonero."

Apa mpamene pali mfundo yeniyeni ya munthu wodulidwa, ndipo tisamaipeputse. Iye sakayika kuti Mulungu amakhululukira akunja. Amakayika ngati angakhululukire munthu amene anali mkati n'kutuluka dala. Ndinawakumbutsa za Petro, amene anayenda ndi Yesu, anadya naye mgonero woyamba uja, usiku womwewo n'kumukana katatu mochita kulumbira, koma pa Yohane 21 Yesu anamufunafuna kunyanja n'kumupatsanso ntchito. Kenako ndinawerenga Mateyu 20, fanizo la mwini munda wamphesa amene analemba aganyu ena m'mamawa, ena masana, ena dzuwa litapendeka, madzulo n'kuwalipira onse mofanana. Anaseka mpaka kutsokomola. "Bwana wotero ku Kasungu kuno sindinamuone. Kuno tenanti amamudula ndi chimanga chimene wadya." Atatha kuseka anakhala chete nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'makutu. Ndiye anapemphera okha, ine osawatsogolera. Pemphero lake linali lalifupi: "Ambuye, ndawononga zambiri, ndalakwira Inu, ndalakwira mayi a ana anga. Ngati malo alipo, mundikumbukire."

Kutacha anandituma kuti ndiitane alamu aakulu. Anabwera, anakhala pamphepete pa bedi, alongo anga anapepesa. Alamu sanayankhe kuti ndakukhululukirani. Anangotenga kapu ya phala n'kuyamba kuwamwetsa ndi sipuni.

Ndinaimbiranso foni mkulu wa mpingo wa kwathu. Abusa anali kutali kumsonkhano, mkuluyo naye anayenera kupeza ya minibasi, ndipo pofika iye alongo anga anali atasiya kuzindikira anthu. Anapemphera, anawerenga salimo, anabwerera. Mwa dongosolo la mpingo wathu munthu amabwezeredwa akavomereza yekha pamaso pa akulu, nkhani imene anadulidwira n'kukonzedwa. Zimenezo sizinatheke, choncho m'buku la mpingo anamwalira ali odulidwa. Inu amene m'bale wanu akadali moyo, itanani akulu a mpingo lero, akadatha kukhala tsonga n'kulankhula. Yakobo 5:14 akuti wodwala adziitanire akulu a mpingo, ndiye kuti munthuyo akadali ndi mawu. Ife timadikira mpaka wayamba kupuma modukizadukiza poopa kuti tikaitana abusa zioneka ngati tamutaya kale. Anzathu Akatolika pa ichi amachita changu, wansembe amaitanidwa kudzamva kulapa ndi kudzoza wodwala, ndipo ena amachira atadzozedwa kale.

Maliro tinapita nawo kumudzi. Uthenga wochokera kwa akulu unali woti Akhristu abwera ngati anansi, mkulu mmodzi apemphera n'kunena mawu pang'ono, koma mwambo wonse wa mpingo sipakhala: kwaya ayi, amayi ovala yunifolomu ayi. Amene sanagonepo m'siwa yopanda nyimbo sangamvetse kutalika kwa usiku umenewo. Mumamva chilichonse, kutsokomola, nkhuni zikuthetheka panja, galu akuuwa kutsidya. Amayi anga, amene aimba m'siwa za mudzi wonse kuyambira ali mtsikana, anangokhala pafupi ndi bokosi atafunda chitenje kumutu. Pakati pa usiku anayamba okha nyimbo motsitsa, azimayi angapo anawalandira, ndipo palibe anawaletsa. Atsibweni anakwiya kwambiri. Anati ngati a tchalitchi amukana, iwo sanamukane, abweretsa gule adzamuperekeze. Amayi anakana, amfumu anaweruza kuti mawu a mayi wobereka ndiwo apite.

M'siwamo ndi panja pamoto, aliyense anali ndi lake. Azakhali ndi Akatolika. Anandinong'oneza kuti ndisataye mtima, kuli purigatoriyo kumene mizimu ya omwalira mu chisomo imayeretsedwa, ndipo iwo aziwapempherera, makamaka pa 2 Novembala pamene mpingo wawo umakumbukira omwalira onse. Mayi wina wa Seventh Day anati akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu bi monga akunenera Mlaliki 9:5, adzadzuka Yesu akadzabwera. Bambo wina wa Mboni za Yehova anati kumwamba kukapita anthu 144,000 okha, ena onse adzaukitsidwira pansi pompano, ndipo moto wosatha kulibe. Mnyamata wina wongotembenuka kumene ankalankhula mokweza, ana a malemu akumva, kuti munthu wofera mu uchimo palibenso zokambirana. Uyu yekha ndi amene ndinamupempha kuti akathandize adzukulu.

Nditaziganizira pambuyo pake ndinaona kuti anthuwa amasiyana kwambiri pa zimene zimachitika pakati pa imfa ndi kuuka, koma onse amavomereza kuti akufa adzauka ndipo woweruza ndi Khristu. Palibe mmodzi mwa iwo amene chiphunzitso chake chimati woweruza ndi komiti ya maliro. Ife mumpingo mwathu timaphunzira kuti wokhulupirira akamwalira mzimu wake umakakhala ndi Ambuye nthawi yomweyo, monga Paulo ananenera pa Afilipi 1:23 kuti akulakalaka kuchoka kukakhala ndi Khristu, thupi n'kumadikira tsiku lomaliza. Ine ndimakhulupirira zimenezo. Koma m'siwa si malo opambanirana mavesi.

Titameta ndinapita kwa mkulu wa mpingo uja, mtima uli pamwamba. Ndinawafotokozera zonse za usiku wa m'wodi n'kuwafunsa ngati pokana kuimba ndiye kuti mpingo wanena kuti alongo anga ali kumoto. Ndi bambo wachikulire, mlimi wa mtedza, salankhula mothamanga. Anati, "Mayi, ife timasunga buku la mpingo. Buku la moyo lija la pa Chivumbulutso 20 silikhala m'kabati mwathu. Ndaimbira anthu ambiri a makhadi odzadza amene sindingalumbire za mitima yawo. Kudula munthu ndi chilango cha pansi pano, ndipo cholinga chake n'choti abwerere, osati atayike." Ananditsegulira 2 Akorinto 2, pamene Paulo akuuza mpingo kuti munthu amene walangidwa amukhululukire ndi kumutonthoza kuti angamizidwe ndi chisoni chochuluka. Anawonjezera kuti zimene ndinamva m'wodi zija ndizisunge, ndiwauzenso amayi, chifukwa Mulungu sanadikire minibasi kuti amve pemphero limene lija.

Maganizo anga pa lamulo lokaniza nyimbo sanasinthe kwenikweni. Ndikumvetsa chifukwa chake lilipo: mpingo ukamaimbira aliyense mofanana, anthu amati kudulidwa n'kungotaya nthawi. Koma chilango chimene cholinga chake n'kubweza munthu chimathera pomwe munthuyo watsikira kuli chete. Chotsala chimagwera amoyo, ndipo kwathu chinagwera mayi wokalamba amene sanaphonyepo mgonero. Paja amati maliro n'kulirana. Zimenezi ndinazinena pamsonkhano wa amayi ndipo ndidzazinenanso.

Komabe musandimve ngati ndikuti chiweruzo kulibe, kapena kuti ndawalowetsa ndekha alongo anga kumwamba. Ahebri 9:27 akuti kwaikikatu kwa anthu kufa kamodzi, ndipo atafa, chiweruziro. Pa 2 Akorinto 5:10 Paulo akuti tonse tidzaonekera kumpando woweruza wa Khristu, ndipo akulembera anthu a mumpingo, osati akunja. Kale chiphunzitso chimenechi ndinkachimva ngati choopseza basi. Ndinayamba kuchiona mwina nditayang'ana alamu aakulu. Mayi ameneyu anasoka fodya usiku, anapanga ndindi, ananyamula mitolo kupita nayo m'chigafa, ndalama zitabwera zinakamanga nyumba ya mkazi wina. Mlaliki akaima pamaliro n'kunena kuti malemu anali munthu wabwino, apita kukapuma, ngati kuti palibe chinachitika, amakhala akumuuza mayi wotere kuti misozi yake sinawerengedwe. Chiweruzo chimatanthauza kuti inawerengedwa. Ngati alongo anga alandiridwa, sikuti Mulungu wanyalanyaza zimene anachita. Ndi chifukwa choti mlanduwo unagwera pa Khristu. Ndiye chifukwa chake pemphero lawo lija linandikhazika mtima pansi: sanadzitchinjirize, anatchula amene iwo anawalakwira.

Ndipo amuna inu amene mukuwerenga muli ndi botolo pambali, mukuti nanunso mudzalapa m'wodi, dziwani kuti alongo anga anapatsidwa masabata ogona pabedi mutu uli bwino. Wakabaza amene wagundidwa ndi lole pamsewu wa M1 sapatsidwa ngakhale mpata woitana mayi ake.

Patapita miyezi, msuweni wathu analota alongo anga akupempha madzi. Nkhani inafalikira mudzi wonse kuti ndiye kuti ali kumoto, ngati mwini chuma uja wa pa Luka 16 amene anapempha Abrahamu kuti atume Lazaro adzamudonthezere madzi palilime. Wina anawatengera amayi kwa mneneri wina, amene anati mzimu wamangidwa, pafunika mbuzi ndi ndalama ya mbewu kuti aumasule. Amayi anali atayamba kale kufunsa mtengo wa mbuzi. Chonde, zoterezi muzikane. Msuweni ameneyu anabwera kudzazonda kuchipatala, anaona milomo yawo itauma n'kung'ambika, anandiona ndikuinyowetsa ndi kansalu. N'zosadabwitsa kuti analota madzi. Fanizo la pa Luka 16 lenilenilo likuti pakati pa malo awiriwo pali phompho losaoloka, ndipo nkhawa ya mwini chuma inatembenukira kwa abale ake asanu amene anali moyo. Mulibe mbuzi mmenemo. Simoni wamatsenga atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama pa Machitidwe 8, Petro anamuuza kuti ndalama yakeyo itayike naye pamodzi. Pemphero la azakhali lopempherera akufa, ngakhale mpingo wathu suliphunzitsa, sindiliika m'gulu limeneli. Iwo sanatilipiritse kanthu.

Chovuta kuposa zonse chinali ana. Mwana wamwamuna wa alamu aang'ono, wa sitandade 3, anabwera kuchokera kusukulu osadya nsima. Anzake anamuuza kuti bambo ake sanaimbiridwe chifukwa ndi a Satana. Anandifunsa, "Azakhali, adadi akupsa?" Ena m'banjamo ankafuna tizimuuza kuti bambo ake apita ku Joni kukagwira ntchito, pamene mwanayo anaona bokosi likutsitsidwa. Ndinamukhazika pamwendo n'kumuuza zimene ndinaona ndi kumva ndekha: kuti bambo ake analakwitsa zinthu zina zikuluzikulu, kuti asanamwalire anapempha Yesu kuti awakhululukire ine ndili pomwepo, ndipo Yesu ananena pa Yohane 6:37 kuti wakudza kwa Iye sadzamutaya kunja. Ndinamuuzanso kuti oweruza si ana a sitandade 3, si ine, si abusa. Anafunsa ngati mimba ya bambo ake idakali yotupa kumeneko.

Funso la mwanayo linandibwezera ku mawu amene timanena mothamanga Lamulungu m'Chikhulupiriro cha Atumwi, akuti kuuka kwa thupi ndi moyo wosatha. Ambirife tikamati kumwamba timaganiza za mizimu yovala zoyera ikuyandama m'mitambo. Chiyembekezo cha m'Baibulo n'cholemera kuposa pamenepo. Ine ndinaona thupi la alongo anga mmene linathera; kalipentala anachita kuwonjezera matabwa m'mbali kuti bokosi litsekeke. Pa 1 Akorinto 15:42-43 Paulo akuti thupi limafesedwa lovunda n'kuukitsidwa losavunda, limafesedwa lofooka n'kuukitsidwa lamphamvu. Chivumbulutso 21 sichikamba zoti tonse tidzasamuka kuthawa dziko, chikukamba za kumwamba kwatsopano ndi dziko latsopano, Mulungu akukhala pakati pa anthu, imfa kulibe, kulira kulibe. Ndiye ndinamuyankha mwanayo kuti tsiku louka akufa, amene ali a Yesu adzauka ndi matupi abwinobwino, opanda chotupa, opanda ludzu la mowa. Anadya nsima.

Kulira ndiye lirani ndithu. Pali Akhristu ena amene amakudzudzula ukamalira, amati ukuonetsa kusakhulupirira. Yesu analira pamanda a Lazaro akudziwa kuti amuukitsa posachedwa. Pa 1 Atesalonika 4:13 Paulo sakuletsa kulira, akuletsa kulira monga anthu opanda chiyembekezo. Masiku amene mantha andibwerera, poti amabwerabe, ndimabwereza funso la Abrahamu pa Genesis 18:25, loti kodi woweruza wa dziko lonse lapansi sadzachita zoyenera? Amene akaweruze alongo anga akudziwa za mkazi wachiwiri ndi za kachasu, akudziwanso za fizi ya ana anga ndi za usiku wa m'wodi uja, ndipo ndi yemweyo amene anawafera.

Pomanga chiliza panabukanso mkangano. Alamu aang'ono ankafuna tilembe kuti akupuma kumwamba, alamu aakulu anati tingolemba dzina ndi zaka basi. Amayi ndi amene anadula nkhani posankha 2 Timoteo 2:19, pamene pakuti Ambuye azindikira iwo amene ali ake. Mmisiri ankawerengera ndalama pa chilembo chilichonse, ndiye tinangolemba dzina la buku ndi manambala, wofuna mawu ake akatsegule yekha Baibulo. Atsibweni mpaka lero amati tinawononga simenti, ndalamayo bwenzi titagulira ana amasiyewo feteleza. Feteleza tinasonkherana ndithu chaka chotsatira, n'kugawa mofanana makomo onse awiri.